Kupirikitsa nkhuku madzulo sikuziphunzitsa kulowa m'khola

A Mkonzi,

Tiloleni tiyankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu ndi anzathu oweta nkhuku pakhomo, makamaka amene angogula kumene anapiye a Mikolongwe, a Kuroiler kapena misoti yachikuda ya pamsika. Dandaulo lawo limakhala limodzi. Khola amanga, ndalama zalowa, koma dzuwa likamalowa nkhuku zina zili mumtengo wa mango, zina zaunjikana kuseri kwa nkhokwe, ndipo ana ali kalikiliki kuzithamangitsa ndi timitengo ndi zitsononkho. Mawa lake zomwezo. Mapeto ake munthu amangoti nkhuku zamakonozi n'zopusa.

Vuto si nkhukuzo ayi. Nkhuku siona bwino mumdima, choncho kuwala kukayamba kuchepa imafunafuna pamalo okwera poti igone, ndipo malo amene imawakhulupirira ndi amene idagonapo dzulo ndi dzana n'kudzuka ili bwinobwino. Mwanapiye woswedwa ndi thadzi amaphunzira malowa kwa make. Madzulo aliwonse thadzi limatsogolera ana ake kumalo amodzimodzi, ndipo pomadzawasiya, ali ndi masabata 6 mpaka 8, njira amakhala akuidziwa. Anapiye oswedwa ndi makina alibe wowatsogolera. A Mikolongwe, mwachitsanzo, ambiri amafika kwa mlimi ali ndi masabata 6, atakulira m'chipinda cha mbaula kapena cha babu momwe mdima sugwa pang'onopang'ono monga ugwera panja. Msoti wogula pamsika nawo uli ndi kwawo kumene udazolowera, ndipo khola lanu suliwerengera n'komwe. Mukaumasula tsiku lomwe wafika, umasankha wokha pogona, ndipo ukagonapo kawiri katatu basi pakhala pake.

Ntchito yoyamba tsono ndi kuzitsekera. Nkhuku zikafika, zilowe m'khola momwe mukufuna kuti zizigona, ndipo zisatuluke usana ndi usiku kwa masiku 5 mpaka 7 ngati zili zazing'ono. Zikuluzikulu, ndi zina zonse zogula pamsika, zikhale masiku 14. Masiku 14 amenewa amagwiranso ntchito ina: ngati nkhukuyo yabwera ndi chitopa, nthawi zambiri chimaonekera isanasakanikirane ndi zanu zakale, malinga ngati mwaitsekera payokha. Pakakhala kabwalo kotchinga ndi waya kolumikizana ndi khola, kuyambira tsiku lachinayi mutha kumazitulutsira mmenemo masana, chifukwa zimaona khomo tsiku lonse ndipo zilibe kwina kothawira.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa khola lokwanira kugonamo usiku silikhala lokwanira kukhalamo tsiku lonse. Usiku wokha, malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi amakwana nkhuku zachikuda 6 kapena 7. Zikamaswera momwemo, pamalo omwewo musapitirire 4 zikuluzikulu, kapena 8 za masabata osakwana 10. Mukazipanikiza zimayamba kujomphana, kuzulana nthenga kumchira, ndipo khola limasanduka malo amene zikufuna kuthawako. Madzi asasowe: nkhuku 10 zikuluzikulu zimamwa malita 2 mpaka 3 pa tsiku, ndipo kukatentha zimaposa apo. Chakudya nacho chikhale chokwanira popeza sizikutha kukapalasa. Yaikulu imadya pafupifupi magalamu 100 mpaka 120 pa tsiku, ya masabata 8 theka lake. Madeya okha sakwanira sabata yathunthu. Sakanizanimo soya wokazinga ndi kugaya kapena ufa wa usipa, perekaninso chiswe, ndipo mangirirani masamba a bonongwe, chisoso kapena kholowa pachingwe kuti zizitanganidwa nawo. Mu Okutobala ndi Novembala khola la malata lopanda mazenera limatha kupha nkhuku masana amodzi okha. Nyengo imeneyi yalani udzu pamwamba pa malata, tsegulani mipata ya mphepo, apo ayi dikirani kaye musanagule.

Za msinkhu tinene mwachidule. Anapiye opanda make asatulutsidwe kukayenda okha asanamere nthenga thupi lonse, zomwe zimachitika pa masabata 6. Kudikira mpaka masabata 8 kuli bwino koposa, chifukwa kabawi ndi khwangwala amatola tating'ono kwambiri.

Tsiku lozimasula koyamba musatsegule m'mawa. Nkhuku yotuluka m'mawa ili ndi tsiku lonse loyenda, imafika kutali, ndipo mdima umaipeza kumene ili. Tsegulani kwatsala ola limodzi kuti dzuwa lilowe. Kuno kwathu dzuwa limalowa cha m'ma 5:20 mu Juni ndi cha m'ma 6:15 mu Januwale, choncho nthawi yotsegulira izitsata nyengo. Masana a tsikulo zipatseni chakudya chochepa kuti zikhale ndi kanjala. Mukatsegula musazitulutse ndi manja. Zituluke zokha, chifukwa nkhuku yodutsa pakhomo ndi miyendo yake ndiyo imalidziwa khomolo. Zimayendayenda pafupi, ndipo chisisira chikamagwa zambiri zimalowa popanda woziuza. Tsiku lachiwiri tsegulani kwatsala maola awiri, lachitatu maola atatu, mpaka pakutha pa sabata zizituluka m'mawa. Zikalephera tsiku lina, bwererani pa nthawi ya dzulo lake.

Chakudya cha madzulo ndicho chimakoka zotsalira. Sungani kanthu kamene nkhuku zimakakonda, monga misere, mapira, mawere kapena mpunga wosweka, ndipo kameneka kaziperekedwa madzulo okha, m'khola mokha. Dzanja limodzi lodzaza limakwana nkhuku ziwiri kapena zitatu. Pothira muzipanga phokoso limodzimodzi tsiku lililonse, kaya ndi likhweru, kaya kukhutchumula misere m'chitini. Yambani kuchita zimenezi zikadali zotsekeredwa, kuti pomadzatuluka zikhale zikudziwa kale tanthauzo la phokosolo. Masiku oyamba mwazani pang'ono kuchokera pabwalo kukafika pakhomo, koma zambiri zikhale m'kati. Pakapita masiku angapo lekani kumwaza panja. Chimene chimaononga dongosololi ndi makombo a nsima ndi madeya otayidwa pakhomo la khitchini cha m'ma 4 koloko. Nkhuku yokhuta ilibe chifukwa chothamangira chitini chanu, ndiponso imazolowera kuti madzulo malo abwino ndi kukhitchini. Auzeni onse a pakhomo, ana ndi alendo omwe. Chakudya chotsala m'khola chichotsedwe usiku chifukwa chimaitana makoswe, ndipo kumene kuli makoswe njoka sizichedwa kufika.

Padzakhalabe ziwiri zitatu zotsalira panja. Musazithamangitse. Nkhuku yopirikitsidwa imaphunzira kuopa munthu ndi kuopa khomo la khola, ndipo mawa imakwera msanga ndi pamwamba kwambiri kuposa lero. Onani pamene yakhala, dikirani mdima ugwe ndithu, kenako pitani ndi tochi yowala pang'ono, yoloza pansi. Mumdima nkhuku imangokhala duu. Igwireni ndi manja awiri, mapiko ali opanikizidwa kuthupi, osati kuinyamula ndi miyendo mutu uli pansi. Kailowetseni kudzera pakhomo lake lomwe, n'kuikhazika pamtengo wogonapo, zala zake zigwire mtengowo musanaisiye. Chitani zimenezi usiku uliwonse osadumphitsa. Kwa zambiri masiku 3 mpaka 7 amakwana. Mukadumphitsa usiku umodzi chifukwa cha mvula kapena kutopa, mwayambiranso pachiyambi. Imene yakanika sabata yonse itsekeredwenso masiku 7, pamodzi ndi inzake imodzi yofatsa kuti isakhale yokha.

Kunena zoona, makola ambiri amene timawaona m'midzi ndi m'matauni alibe chimene nkhuku ikufuna madzulo, ndicho pokwera. Mtengo wa mango uli ndi nthambi, khola lili ndi dothi lokha, ndiye nkhuku isankhe chiyani? Ikani mitengo yogonapo yokula masentimita 4 mpaka 5, ya bulugama wouma kapena mtengo wina wosalala, mutausenda makungwa chifukwa m'makungwa ndimo mumabisala tizilombo. Nsungwi imaterera ndipo ikang'aluka imasunga utitiri m'kati. Ngati ndi yokhayo imene muli nayo, ipaleni pang'ono ndi kutseka mabowo a kumapeto. Paipi yachitsulo kapena yapulasitiki ayi. Nkhuku iliyonse yaikulu ipeze masentimita 20 mpaka 25 pamtengopo, kutanthauza kuti nkhuku 10 zikufuna mamita awiri kapena awiri ndi theka. Kwa zazing'ono mtengo ukhale masentimita 30 kuchokera pansi, n'kumaukweza zikamakula mpaka 60 kapena kuposerapo pang'ono. Za Mikolongwe ndi Kuroiler n'zolemera kuposa zachikuda, ndipo zikamadumpha kuchokera pamwamba kwambiri zimatupa mapazi, choncho kwa izo musapitirire masentimita 60. Mitengo ikakhala iwiri, italikirane masentimita 35, italikirenso khoma masentimita 25 mpaka 30 kuti michira isakhudze. Ndi bwino yonse ikhale pa msinkhu umodzi, chifukwa wina ukakwera kuposa unzake zonse zimalimbirana wapamwambawo. Zisa zoikira mazira zikhale m'munsi kuposa mitengoyi. Zikakhala pamwamba misoti imagona m'zisa, n'kumaipitsa mazira ndi zitosi.

Anapiye a makina poyamba sadziwa kukwera. Amaunjikana pakona, ndipo usiku wozizira wa mu Juni apansi amatha kufa chifukwa chopsinjidwa. Tchingani makona ndi katoni kuti akhale obulungira, ndipo muziwanyamula mmodzimmodzi kuwakhazika pamtengo mdima ukagwa. Awiri atatu akazolowera, enawo amatsanzira.

Khola la m'mwamba, lokwera mita imodzi kuchokera pansi, ndi labwino poteteza ku agalu ndi chinyezi, komanso zitosi zimagwera pansi n'kukhala manyowa osavuta kuwola. Koma lili ndi vuto lake kwa nkhuku zazing'ono: zimafika pakhola ndithu, n'kugona kunsi kwake. Zimadziwa malo koma njira yokwerera siziidziwa. Makwerero akhale thabwa la masentimita 20 kapena 25 mulifupi, lotalika kawiri kuposa kukwera kwa khola kuti lisachite njo, lokhomedwa timitengo topingasa pa masentimita 8 mpaka 10 alionse. Lisagwedere. Mwazani misere pamakwereropo masiku oyamba, ndipo kunsi kwa khola tchingani ndi waya kapena mabango kwa masabata awiri. Khomo la masentimita 30 mulifupi ndi 40 msinkhu limakwana. Usiku makwerero achotsedwe, ndipo pamiyendo ya khola kulungani lata losalala kuti makoswe ndi likongwe asakwere.

Chinthu china chimene anthu sachiganizira ndi mdima wa m'kati. Khola la njerwa lokhala ndi kazenera kamodzi limada msanga pamene panja pakuwalabe. Nkhuku imafika pakhomo, kusuzumira, kuona mdima bii, n'kubwerera. Boolani zenera kumbali yolowera dzuwa ndi kulitchinga ndi waya, kapena pakani laimu m'kati kuti muziwala. Kanyali ka sola kapena tochi yopachika m'kati, yoyatsidwa theka la ola dzuwa lisanalowe ndi kuzimitsidwa zonse zikakwera, imathandiza kwambiri sabata yoyamba. Koloboyi kapena kandulo m'khola la udzu musayerekeze.

Tsopano za nkhuku zimene zinkalowa bwinobwino n'kusiya mwadzidzidzi. Zikatero musalimbane ndi nkhuku, kayang'aneni khola, ndipo choyamba kukayikira ndi utitiri. Tizilomboti masana sitikhala pankhuku. Timabisala m'ming'alu ya khoma, m'mphako za mitengo, m'udzu wa m'zisa ndi pamene mtengo wogonapo wakhudzana ndi khoma, ndipo usiku timatuluka kudzayamwa magazi. N'chifukwa chake munthu amagwira nkhuku masana, kuiyang'ana m'nthenga, osapeza kanthu, n'kunena kuti ili bwino. Pitani usiku ndi kansalu koyera, pukutani kunsi kwa mtengo wogonapo. Mukaona timizere tofiira, amenewo ndi magazi a nkhuku zanu. Zizindikiro zina ndi lipombo lotuwa, kuonda, thadzi kuthawa mazira lisanaswe, ndi kuyabwa m'mikono mukatuluka m'khola. Tulutsani zinyalala zonse ndi udzu wa m'zisa mukatenthe kutali. Mitengo yogonapo itulutseni muiwaule pamoto wa udzu. Thirani madzi owira m'ming'alu, matani ming'aluyo, pakani laimu, ndipo kumapeto kwa mitengo pakaniko mafuta. Mankhwala gulani kusitolo ya mankhwala a ziweto kapena funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu. A thonje, a fodya ndi a tomato si a m'khola. Bwerezani pakatha masiku 7, chifukwa mazira a utitiri amapulumuka ulendo woyamba ndipo pa sabata imodzi amakhala aswa n'kukula. Kungosamutsa nkhuku kwa masabata angapo sikuthandiza, popeza utitiri umatha miyezi ingapo osadya. Nkhupakupa za nkhuku nazo zimachita chimodzimodzi, kubisala masana ndi kuluma usiku, ndipo chithandizo chake n'chomwecho. Pabwalo pakhale malo ouma a mchenga wosakaniza ndi phulusa oti nkhuku zizisambapo. Nthata zomatirira kumaso ndi palipombo zipakeni Vaseline.

Mukapanda kupeza tizilombo, gwadani mununkhize pafupi ndi pansi. Ngati fungo la zitosi likulasa m'mphuno ndi m'maso mwanu, nkhuku zimene zimagona momwemo usiku wonse zikuvutika koposa. Sesani kamodzi pa sabata, yalani utuchi, mankhusu a mpunga kapena makoko a mtedza ouma, ndipo mipata ya mphepo ikhale pamwamba pa mitu ya nkhuku kuti mpweya uzituluka popanda kuziomba. Denga lodontha nalo limathamangitsa nkhuku nthawi ya dzinja. Yang'ananinso mapazi a zilombo, nthenga zomwazika ndi maenje m'mbali mwa khoma. Vumbwe, likongwe, njoka kapena linthumbu zikalowa usiku umodzi, gulu lonse limakana kholalo. Tsekani bowo lililonse loti zala ziwiri n'kulowa, kenako zitsekereninso masiku 3 mpaka 5 kuti ziyambirenso kulikhulupirira.

Nthawi zina wotchinga njira ndi nkhuku inzawo. Imani chapatali madzulo muone: thadzi lalikulu kapena tambala amakhala pakhomo n'kumajompha kamsoti kalikonse kofuna kulowa, ndipo tating'onoto timangozungulira mpaka mdima kutipeza. Musasakanize zazing'ono ndi zazikulu mpaka zitayandikira kufanana msinkhu, cha pa masabata 12 mpaka 16. Gawani khola ndi waya kuti zizionana kwa sabata imodzi osakhudzana, ikani mtengo wogonapo wachiwiri, ndipo ngati wovutitsayo ndi mmodzi, mchotseni masiku atatu. Atambala ochuluka ndiwo amayambitsa zambiri; tambala mmodzi amakwana mathadzi 10.

Nkhuku zachikuda zozolowera mumtengo ndi zovuta kuposa zonse, chifukwa n'zopepuka ndipo zimauluka bwino. Kuongola mtengo m'poyamba, koma nazonso zimatheka. Zitsitseni usiku, zitsekereni masiku 14, ndipo m'masiku amenewo dulani nthambi za m'munsi ndi kuchotsa zonse zimene zimapondapo pokwera, monga mulu wa nkhuni, thandala la mbale kapena ngolo. Kenako dulani nthenga za phiko limodzi lokha. Tambasulani phiko, muona nthenga zazitali 10 za kunsonga. Zidulani ndi sizasi pakati, osafika pamnofu. Nthenga imene phata lake lili lakuda kapena lofiirira ikukulabe ndipo ili ndi magazi, isiyeni. Mukadula mapiko onse awiri nkhuku imaulukabe pang'ono, koma limodzi limaipendeketsa. Nthengazi zimameranso nkhuku ikasosoka, ndipo dziwani kuti nkhuku yodulidwa phiko siithawa bwino galu, choncho musadule zimene zikulowa kale. Nkhanga ndi nkhani ina: zimafuna masabata angapo zili zotsekeredwa, ndipo ngakhale pamenepo zina zimabwerera mumtengo.

Msoti umodzi ukasowa madzulo uli pa msinkhu woikira, cha pa miyezi 5 mpaka 7, musafulumire kunena kuti waba ndi mnansi. Kawirikawiri umakhala waikira patchire n'kuyamba kufungatira. Udikireni m'mawa ukabwera kudzadya ndi kumwa, muulondole. Usamutseni usiku pamodzi ndi mazira ake, muuike m'chisa cha m'khola, n'kuuvundikira ndi dengu tsiku limodzi kapena awiri. Popewa zimenezi, misoti ikayamba kutetera muziitsegulira cha m'ma 10 koloko, chifukwa mazira ambiri amaikiridwa m'mawa, ndipo m'chisa muzisiyamo dzira limodzi lolembedwa chizindikiro.

Tikudziwa kuti mabanja ambiri amagoneka nkhuku m'khitchini kapena m'nyumba poopa akuba, ndipo sitingawanene. Koma utitiri umasamukira pamphasa, ndipo ana okwawa amagwira zitosi. Kumanga khola pafupi ndi zenera la kuchipinda, lokhala ndi loko, kumachepetsa nkhawa zonse ziwiri. Posamutsa nkhuku kuchoka kukhitchini njira ndi yomweyi ya kutsekera, kungoti chitseko cha khitchini chizikhala chotseka kuyambira 4 koloko mpaka mdima, kwa masabata awiri.

Pakhomo pakhale munthu mmodzi wodziwika amene ntchito yake ndi kuwerenga nkhuku zili pamtengo ndi kutseka khola mdima ukangogwa, osati pambuyo pa nsima ya usiku, chifukwa zilombo zimayamba kuyenda chisisira. Wowerengayo ndiye amayamba kuona nkhuku imene yagona pansi pamene zinzake zakwera, yomwe nthawi zambiri imakhala ikudwala ndipo iyenera kupatulidwa usiku womwewo. Ndiponso tsiku la katemera wa chitopa wa I-2, amene amadonthezedwa dontho limodzi m'diso miyezi 4 iliyonse, wotemera amafuna kupeza nkhuku zonse zili m'khola m'mawa. Za mumtengo ndizo zimatsala osatemeredwa. Tikupempha alangizi a ziweto ndi onse ogulitsa anapiye kuti pomwe akufotokoza za katemera ndi chakudya, azimuuzanso wogula kuti sabata yoyamba nkhuku zisatuluke.

Oweta nkhuku zapakhomo,
Dowa